Tsiku Loipa la Batani

3 Malichi

Achimwene,

Moni ndikupatsani mukayankha funso ili osafunsa alamu: mwana wanga ali ndi zaka zingati? Musathamangire kumunsi kwa kalatayi, ganizani kaye. Mwalephera? Ndinadziwa. Batani wakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri mwezi wathawu, koma nsapato munatumiza zija ndi za mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mwiniwake sanadandaule. Wazisandutsa mosungira mabatani ake, ofiira nsapato yakumanzere, oyera yakumanja.

Chabwino, landirani moni. Muli bwanji kutauniko ndi alamu? Kuno tili bwino.

Ndikulemba kalata chifukwa foni yanga inagwera m'ndowa ya madzi. Musandifunse kuti inagwera bwanji.

Nkhani ndi iyi. Lachinayi lililonse ndimapita kuchipatala chathu chaching'onochi kukakumana ndi makolo anzanga a ana onga Batani, ana amene ubongo wawo umagwira zinthu mochedwa ndipo mtima wawo sumachedwa kudzidzimuka. Timakhala pakhonde, anamwino amatiyankhula, ife timadandaula, kenako timaseka, basi. Sabata yatha anatiuza kuti kusenta yosamalira ana otere masana kwapezeka mipata iwiri. Masiku atatu pa sabata, kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko. Kuli aphunzitsi odziwa ntchitoyi, kulinso munthu wothandiza ana ankhawa ndi amantha. Achimwene, masiku atatu! Ndikhoza kusoka diresi kuchokera pakolala mpaka kumpendero osaimika makina kakhumi.

Ofunsira tilipo khumi ndi anayi. Fomu ndadzaza ndekha, ine yemwe ndinasiyira sukulu panjira n'kuphunzira kulemba m'kope loyezera makasitomala. Pa 24 mwezi uno kubwera mayi wa ku ofesi kudzaona pakhomo pano. Pafomupo alemba kuti wachibale wodziwa mwanayo akhoza kutumizanso kalata yake. Wachibale ndinu. Zodziwa mwanazo tidzakambirana tsiku lina.

Ndalama sindikupempha, chotsani dzanja m'thumba. Ndikupempha kalata. Si ndinu kapitawo wa kampani yomanga nyumba, wokhala ndi chidindo chakechake? Lembani zoona, mwachidule, mutumize ku adiresi ndalemba kuseriku. Mundiuzenso ngati mwendo uja unasiya kutupa, kapena ngati mwapeza chifukwa china chatsopano chosabwerera kuno.

Ndine mlongo wanu,
amene mumamutcha Tsabola

10 Malichi

Wokondeka Tsabola,

Moni wanga ndilibe naye mafunso, landira chabe. Ife tili bwino, mwendo unaphwa. Za nsapato zija wolakwa ndi wam'sitolo, ine ndinamuonetsa ndi manja kutalika kwa mwanayo monga ndinamusiyira.

Wabwera kwa munthu woyenera. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu za ukapitawo ndalembera anthu makalata aumboni oposa mazana awiri, ndipo sindinamvepo kuti wina wabwezedwa pageti. Ndinalemberapo mmisiri wina amene amagona m'wilibala nthawi ya ntchito, lero ndi woyang'anira anzake. Chinsinsi chake n'chimodzi: ponena za munthu wako, sunena zomugwetsa.

Kalata ndalemba kale, ndadinda, ndatumiza. Ndalemba kuti Batani ndi mwana womvera, waukhondo, wakhama pa ntchito yosanja mabatani, wodzidalira, ndiponso wosavutitsa munthu. Ndawonjezera kuti banja lathu ndi logwirizana, ndipo ine malume ake ndimapezeka nthawi iliyonse pakafunika thandizo. Alamu ako ndinawawerengera ndili chiimire. Anangondiyang'ana n'kutuluka panja, ndikhulupirira kuti inawakhudza mtima.

Tsopano mvera mkulu wako. Mipata iwiri, ofunsira khumi ndi anayi, imeneyo ndi intavyu. Palibe amene amasankha munthu wovuta pamene wofatsa alipo. Tsikulo m'nyumba mukhale mowala. Nsalu zako zoduladula zija uchotse pansi. Ndatumiza diresi ya buluu ya malesi, ulendo uno anasankha ndi alamu ako, ndiye usayambe. Umuphunzitse kupereka moni. Ndipo iweyo, chonde, lilime lakolo ulipinde uliike m'kabati kwa maola awiri okha. Mayi wa ku ofesiyo si kasitomala wodzakangana nawe za zipi.

Undiuze mmene ziyendere.

Mkulu wako

14 Malichi

Alamu anga,

Moni, ndikhulupirira mwadzuka bwino ndi mwana wathuyo. Ndikulemba mothamanga pa nthawi yopuma, manja akununkha sopo wokolopera.

Achimwene anu anandiwerengera kalata imene atumiza ku ofesi ija. Ndinatuluka panja kuti ndisawalase ndi supuni. Ndinawauza madzulo ake kuti alakwitsa, akuti ine ndimadziwa za mopu, za makalata ndiwasiyire eni ake.

Alamu, ine ndakolopa m'wodi ya ana zaka khumi. Anthu a ku maofesi amenewa amakambirana ine ndikupukuta pansi pa mipando yawo, amaiwala kuti mopu ili ndi makutu. Iwo sasankha mwana wabwino. Amasankha banja limene latsala pang'ono kugwa. Akabwera, musakonze kalikonse. Musasese, musabise. Akafunsa, muwauze za tsiku loipitsitsa, osati labwino.

Ine ndinagona kwanu masiku awiri chaka chatha. Ndinaona matiresi mwakhoma kukhoma kuja, ndinaona loko wapamwamba pachitseko, ndinaonanso mkono wanu pamene mumachapa. Sindinanene kanthu poti inu simunanene. Koma mayi ameneyo aone zonsezo.

Kalatayi ndapatsa achimwene anu akaponye mawa popita kuntchito, ikupezani nthawi ikadalipo.

Mlamu wanu

25 Malichi

Achimwene,

Moni nonse. Lero ndikulemba ndi dzanja lonyada. Mayi wa Fomu uja anabwera dzulo, ndipo mukanakhalapo mukanandidinda chidindo chanucho pamphumi.

Masiku atatu ndinasiya makina n'kugwira tsache. Zina ndi zina ndinachotsa kukhoma, mabowo a misomali ndinaphimba ndi kalendala. Mipando iwiri ndinabwereka kwa aneba, aphunzitsi opuma aja. Ndinapempha kuti mayiyo abwere 10 koloko, chifukwa imeneyo ndi nthawi imene Batani amakhala wofewa ngati thonje. Moni tinayeserera sabata yathunthu, ine kugogoda chitseko changa chomwe ngati wamisala, iye kutsegula.

Atafika mayiyo, Batani anatsegula, diresi ya buluu ili mbee, anati, "Takulandirani." Kawiri, poti tinazolowera kubwereza. Kenako ndinamupatsa chitini cha mabatani, anakhala pakona n'kuyamba kusanja, phee.

Mayi wa Fomu ndi munthu wamng'ono thupi, wa magalasi, nsapato zafumbi. Anakana tiyi koma ndinamuthira.

"Batani amagona bwino?" anafunsa.

"Ngati thumba la simenti," ndinatero.

"Amavala yekha? Kubafa amapita yekha?"

"Mwana wanga si khanda, mayi."

"Nanga akakhumudwa amatani?"

"Amakhumudwa ngati munthu aliyense, kenako zimatha."

Analemba, analemba, kenako anaika cholembera pansi n'kuvula magalasi. Anati, "Mayi, tandiuzani za tsiku loipa."

Ndinati, "Pakhomo pano sitisunga masiku oipa."

Anati, "Simukumva kutentha ndi juziyo? Kunjaku dzuwa likuswa mtengo."

"Ine ndimazizidwa msanga," ndinatero, thukuta likuyenderera kumsana.

Potuluka anafunsanso kachiwiri ngati pali china ndikufuna kunena. Ndinakumbukira malangizo anu, lilime linali m'kabati. Ndinangoti ayende bwino. Anandiuza kuti kalata yanu anailandira, ndipo sanawerengepo ina yotere. Mwamva? Sanawerengepo!

Diresi ija ilibenso malesi. Batani anapirira nayo maola awiri ikumuyabwa m'khosi, ndiye mlendo atangopita anaiweruza yekha. Masana ake sanali abwino kwenikweni, koma zimenezo n'zapakhomo.

Yankho akuti pakatha sabata ziwiri. Alamu bwanji sandilembera masiku ano? Kapena ndinawalakwira?

Tsabola

9 Epulo

A Kapitawo,

Moni ndapereka kwa alamu okha. Inu mudikire.

Lachitatu kunafika makalata awiri nthawi imodzi. Yoyamba ndi ya ku ofesi. Ndikukoperani mawu ake kuti muwapachike pafupi ndi masatifiketi anu: "Mwanayu akuoneka wodzidalira pa zambiri, ndipo banja lili ndi chithandizo chokwanira, kuphatikizapo malume amene amapezeka nthawi iliyonse. Mipata yaperekedwa kwa mabanja osowa kwambiri."

Yachiwiri ndi ya alamu, yolembedwa pa 14 Malichi, yopindikapindika, yonunkha thumba la jekete. Masiku makumi awiri ndi atatu, achimwene. Kamba akanaisenza pamsana akanafika kalekale, n'kupumanso.

Lachinayi ndinapita nazo kugulu lathu la makolo lija. Ndinafotokoza zonse, za kalendala, za mipando ya aneba, za juzi. Mayi wa saluni, amene mwana wake wapeza mpata, anaseka mpaka kugwira chipilala.

"Iwe Telala, unasesa? Ine ndinamulowetsa m'chipinda momwe mwana wanga anaswa zenera, ndinati khalani pomwepo, samalani magalasi!"

Bambo wokonza nsapato anati, "Inenso chaka choyamba ndinavala tayi. Tonse timayamba ndi tayi, mayi."

Ndinawakalipira onse, kenako ndinalira, kenako anandipatsa mpango wonunkha mankhwala a tsitsi. Anamwino akuti ndikhoza kukadandaula ku ofesiko pasanathe masiku makumi atatu.

Ndiye poti kunama kwandilephera, imvani zoona. Batani sagona ngati simenti. Amagona maola atatu, mwina anayi, ndipo ine ndimagona iye akagona. Chimene ndinachotsa kukhoma ndi matiresi, chifukwa namondwe wake akabwera amamenyetsa mutu pamenepo. Namondweyo amabwera galimoto ikaliza hutala, kasitomala akaseka mokweza, batani limodzi likasowa, kapena popanda chifukwa chimene ine ndingachione. Ndikamugwira kuti asadzivulaze amandiluma, kenako amalira pondiona ndikutuluka magazi, amandisisita n'kumati pepani, pepani, mpaka madzulo. Juzi ija ndi ya zimenezo. Loko ali pamwamba pachitseko chifukwa kawiri konse ndamugwira ali pakati pa msewu. Sizasi ndimaimangirira m'chiuno ngati mfungulo. Foni sinagwe, anaisambitsa. Kubafa sapita yekha. Ndipo thupi lake layamba kusintha, akukula, ine sindikudziwa kuti ndidzamufotokozera ndi mawu ati.

Bambo ake anachoka sabata imene dokotala anatiuza za mwanayu, mukudziwa. Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti palibe adzanene kuti mwana wanga ndi katundu. Ndiye ndakhala ndikumuchapa m'makalata ngati mmene ndinachapira nyumba ija.

Koma inu, malume opezeka nthawi iliyonse, munapezeka liti? Munabwera zaka zisanu zapitazo, munakhala maola atatu, theka lake mukuyang'ana wotchi.

Tsabola

13 Epulo

Mlongo wanga,

Moni, ngakhale wanga unamuika pa mzere wodikira.

Za kalata ya alamu ako ndavomera. Inalowa m'thumba lam'kati la jekete ya misonkhano, ndipo mwezi wathawu kunalibe msonkhano. Mlandu umenewo ndaweruzidwa kale kunyumba kuno, chilango chikupitirira.

Koma pa zinazo undimvere. Usiku wa dzana ndinatulutsa makalata ako onse m'katoni. Alipo makumi atatu ndi imodzi. Onse akuyamba ndi "kuno tili bwino." Muli za mabatani, za nyimbo imene amaimba posamba, za tsiku limene anawerenga mpaka khumi. Za matiresi mulibe. Za mano mulibe. Iwe umadzitama kuti umanena zinthu mosapsatira, unauzapo m'busa kuti ulaliki wake ndi wautali, koma mkulu wako unamupatsa mwana wa pa kalendala. Ine ndinalemba za mwana amene unandipatsa.

Komabe sindinafunse. Zimenezo ndi zanga. Zinkandikomera kumva kuti muli bwino, poti munthu amene ali bwino safuna kuyenderedwa.

Ndikalembanso ku ofesiko, usadandaule. Ndikudziwa kalembedwe kake.

Mkulu wako

Alamu, ndine. Ndalanda cholembera. Asalembe kalikonse asanaone ndi maso. Ndawatengera tchuthi cha masiku anayi kwa abwana awo, ndinapita ndekha ndi yunifolomu yanga. Afika Lachitatu pa basi ya m'mawa. Muwapatse Batani, muwapatse mfungulo ya loko, inu mukagone kwa aphunzitsi opuma aja. Musawaphikire, manja ali nawo. Lachinayi mukaonane ndi anamwino panokha, osati za mwana, za inuyo. Munthu sangakhale zaka zonsezi akugona maola atatu mutu n'kukhala bwinobwino.

21 Epulo

Mayi akunyumba,

Moni. Ndili moyo. Ndikulemba nditakhala pansi, nditatsamira chitseko, chifukwa ndapeza kuti pamenepa ndi pamene munthu amaona zenera, chitseko ndi mwana nthawi imodzi.

Ndinafika dzulo. Tsabola anandipatsa pepala la malamulo lodzaza mbali zonse, kuposa la chitetezo kuntchito kwathu. Kapu yake ndi yobiriwira, ina ayi. Buledi adulidwe panayi, osati pawiri. Osaseka mwadzidzidzi. Ndinati, "Mlongo, ine ndimayang'anira amuna makumi anayi." Anati, "Amuna anuwo amaweruka 5 koloko." Anapita kwa aneba, ndipo aphunzitsi aja akuti anagona atavala nsapato, sanadzuke mpaka lero m'mawa.

Batani poyamba sanandiyang'ane. Anayang'ana malaya anga. Ndikupita kukasamba ndinawasiya pampando, pobwera ndinapeza alibe batani ndi limodzi lomwe. Sizasi palibe, anachita ndi mano, mwaukhondo kuposa telala. Panopa ndavala malaya omanga ndi mapini a mlongo wanga.

Lero m'mawa buledi anatha. Pepala likuti osapita naye kumsewu waukulu, koma ndinati golosale ili pafupi, ndi mphindi zisanu. Tinayenda bwinobwino atandigwira chala. Tikutuluka m'golosale, lole inaliza hutala.

Mayi, ine ndaonapo khoma likugwa. Izi n'zina. Anakuwa, anadzigwetsa, anayamba kumenyetsa mutu pasimenti. Ndinaika dzanja langa pansi pa mutu wake, ndi lomwe likulemba mokhotakhotali. Anthu anatizungulira. Bambo wina wonenepa anati, "Ana olekerera awa, akanakhala wanga ndikanamuthyapa kamodzi."

Ndinati, "Bambo, sunthani mimba yanuyo, mukutchinga mpweya."

Wina anati, "N'zam'banja izi, pitani naye kwa odziwa." Ndinamuuza mawu amene sindingalembe kwa mkazi wanga. Ndazindikira kuti tsabola uja si wa mlongo wanga yekha, ndi wa mtundu.

Amene anandithandiza ndi mayi wa m'golosale. Anathamangitsa anthu, anazimitsa wailesi, anabweretsa katoni n'kuyala pansi. Anati, "Musamuyankhule, ingokhalani pompo. Mayi ake amatero." Ndiye kuti msewu wonse ukudziwa zimene ine malume ake sindimadziwa.

Zinatenga mphindi makumi anayi. Atatha anaona dzanja langa litasupuka, anayamba kulisisita. "Pepani malume, pepani malume." Sindinadziwe kuti amadziwa kuti ndine malume ake. Ndinamubereka kumsana mpaka kunyumba, mtsikana wamkulu miyendo ikukwekwereza, buledi tinamuiwala pakauntala.

Masana ano wandipatsa batani limodzi, langa lomwe, lakuda. Aphunzitsi akuti ndisalitaye, sapatsa aliyense.

Tsabola wabwera kuchokera kwa anamwino maso ali ofiira. Akuti amuuza kuti kutopa kwakeko kwafika poti ndi matenda, azipita kukacheza nawo kawiri pa mwezi. Waona dzanja langa, waona mapini, wafunsa kuti, "Buledi ali kuti, a Kapitawo?" Kenako waseka mpaka kukhala pansi. Ndinali ndisanamumve akuseka chotero chichokereni bambo a mwanayu.

Ndatsala ndi masiku awiri. Munditumizire malaya ngati mungapeze wobwera kuno, makamaka a zipi.

Mwamuna wanu

29 Epulo

Achimwene,

Moni, ulendo uno wathunthu, wopanda mafunso. Dzanja lili bwanji? Batani akumafunsa kuti malume a mapini abwera liti. Ndamuuza kuti mwezi wamawa, poti munalonjeza pamaso pa aphunzitsi, ndipo iwo saiwala.

Lachiwiri ndinapita ku ofesi. Mayi wa saluni anandiperekeza, akuti kuopa kuti ndingakasesenso kumeneko. Ndinavala bulauzi ya manja aafupi. Ndinamupeza Mayi wa Fomu ali kuseri kwa mafayilo, ndinati, "Mayi, ndabwera kudzakuuzani kuti ndinakunamizani."

Anati, "Ndikudziwa. Kalendala yanu inali ya chaka chatha, ndipo inali m'munsi kwambiri, pofika mutu wa mwana."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinakufunsani kawiri. Ine ndimalemba zimene ndauzidwa, mayi. Zimene ndikuganiza sizilowa m'fayilo."

Ndinafuna kumukalipira koma ndinasowa polowera. Ndiye ndinakhala pansi n'kumuuza tsiku loipa, lonse, kuyambira m'mawa. Analemba masamba atatu. Sanandimvere chisoni ngati ndafedwa, ndipo pa chimenecho ndamukonda.

Tsopano tcherani khutu. Banja lina mwa awiri aja likusamuka, mpata umodzi utseguka. Komiti ikumana Lolemba pa 9 Meyi. Mayi wa Fomu akuti mawu anga atsopano alowa, koma m'fayilomo mukadali kalata yodinda yonena kuti mwanayu savutitsa munthu ndipo malume ake amapezeka nthawi iliyonse. Akuti a komiti amakhulupirira chidindo kuposa mayi wolira, chifukwa amayi onse khumi ndi awiri otsalawo akulira. Mwiniwake wa kalatayo aibweze polemba ina, ifike pasanadutse Lachisanu pa 6.

Ndiye dzulo ndalandira kalata yanu yatsopano ija mwati ndiione kaye musanatumize. Mwachita bwino kunditumizira, chifukwa mukanaitumiza ndikanakwera basi.

"Nthawi zina amavutako pang'ono." Pang'ono? Dzanja lanu lija linasupuka pang'ono?

"Mayi ake ndi munthu wolimba mtima amene amakwanitsa zonse." Achimwene, mukundifunira ntchito yanji? Kulimba mtima kumeneko n'kumene kwatifikitsa pano.

"Banja likuyesetsa." Banja lake liti? Alamu anayesetsa. Inu mwayesetsa masiku anayi, ndipo tsiku lachinayi munagona pampando kukamwa kuli yasa.

Ndikudziwa chikukuvutani. Cholembera chanucho chinazolowera kukweza anthu, chikafika pa mawu ogwetsa chimanjenjemera. Mukuona ngati mukumunyoza mwanayo, ngati mukumugulitsa. Inenso ndinaona choncho Lachiwiri, mawu aliwonse amatuluka ngati ndikudzizula dzino. Koma pobwera kunyumba ndinamupeza Batani ali yemwe uja, akuimba nyimbo yake, sanachepe ndi pang'ono pomwe chifukwa choti ndanena zoona.

Ndakubwezerani pepala lanu. Mzere umodzi wokha ndausiya, uja mwalemba kuti ndi mwana wachikondi amene amapepesa ngakhale pa zinthu zimene sangathe kuziletsa. Umenewo musaukhudze, mwaulemba bwino, ndipo ndi woona. Zina zonse ndadula ndi choko chofiira chosokera.

Khalani pansi lero lomwe mulembenso. Lembani kuti kalata yoyamba munailemba musanakhalepo ndi mwanayu tsiku lathunthu. Lembani za hutala, za simenti, za mphindi makumi anayi. Lembani kuti mumakhala kutali, ulendo wa basi wa tsiku lonse, ndipo simupezeka nthawi iliyonse. Lembani kuti akukula, ndipo mphamvu zake zayamba kuposa za mayi ake. Mudinde chidindo chomwe chija, pamalo pomwe paja.

Ndipo pomaliza mulembe kuti mlongo wanu watopa. Musakometse, musati "watopako." Ine mawu amenewo anditengera zaka khumi ndi ziwiri kuti ndiwatulutse. Inu ndakupatsani mpaka Lachisanu.

Tsabola